Kalata kwa oyang'anira misewu ya m'chigwa cha Shire: njinga yakapalasa ipatseni malo ake

Kwa Olemekezeka a Nduna ya za Mtengatenga, akuluakulu a bungwe la Roads Authority, mabwanamkubwa a maboma a Chikwawa ndi Nsanje, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, komanso Mfumu Yaikulu Lundu ndi mafumu onse a m'chigwa chino.

Mabwana ndi madona, ndapereka ulemu kwa nonse.

Pempho langa ndi limodzi, ngakhale kalatayi italike. Mukamajambula msewu, mukamapereka ntchito kwa kontirakitala, kapena mukamakonza pamene madzi adula, munthu wa pa njinga yakapalasa muzimuwerengera ngati mwini msewuwo. Pakali pano amayenda ngati wongopempha njira. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo masiku opuma ndimapalasa ndi anzanga angapo amene tinagwidwa ndi matenda okwera zitunda popanda wotituma. Choncho zimene msewu umachita ndi njinga ndimaziona pansi pa matayala anga, ndimazionanso pa malimu opindika ndi mafoloko othyoka amene anthu amafika nawo atasenza paphewa.

Anzathu a kumtunda akamva za Chikwawa ndi Nsanje amangoganiza za madzi osefukira, kutentha ndi chimanga cha thandizo. Za maonekedwe a dzikoli sazitchula. Mzinda wa Blantyre uli pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Ukanyamuka kumeneko kulowera kuno, makilomita 50 asanakwane bwino wafika pa mlatho wa Kamuzu, pamene nthaka ili pa mamita ozungulira 100 okha. Ukapitirira mpaka kumalire kuseri kwa Nsanje, pamene Shire amatuluka kulowa mu Mozambique, waima pa malo otsikitsitsa m'Malawi yense, mamita 37. Nyanja yamchere tilibe, koma Shire akatisiya amakathira mu Zambezi, Zambezi n'kukathira mu Indian Ocean, ndipo migwalangwa ya kuno, thukuta la usiku ndi mpweya wolemerawu ndi za kugombe kale. Kum'mawa kwatchinga phiri la Thyolo ndi zitunda za Thekerani, kumadzulo kuli mapiri a kwa Chapananga ndi a Chididi. Opalasa njinga za liwiro a m'maiko ena amalipira ndege kusakasaka malo otere, oti m'mawa umodzi utsike phiri, udutse chigwa, ukwere phiri lina. Ife tinabadwira momwemo.

Mtsetse wochokera ku Blantyre kudzafika pa Thabwa ndi umene ndikufuna muumvetse bwino. Pamwamba pake chigwa chonse chimangoti yalu pamaso pako, Shire akunyezimira, minda ya nzimbe ili biriwiri chapatali. Kenaka makona amayamba, lina kuseri kwa linzake. Inu amene mumadutsa pa galimoto mawindo ali chitsekere mwina simunaganizepo zimene zimachitika pa gudumu la njinga pa mtsetse wautali chonchi. Buleki ya njinga ndi kampira kakang'ono kofinya limu. Ukafinya kwa nthawi yaitali osapumitsa, limu imatentha, mpweya wa mu chubu umafufuma, chigamba chimene chinamatidwa ndi guluu chimayamba kumatuka, ndipo tayala likhoza kuphwa kapena kuphulika uli pakati pa kona. Njinga zambiri za m'midzi ndi zija za mabuleki a timitengo tachitsulo, zimene anazipangira malo athyathyathya. Munthu akaika matumba awiri pa kaliyala, mabuleki amenewo amangolira osagwira kanthu. N'chifukwa chake mumaona wina akuponda tayala ndi nkhwaira, wina watsika akulimbana nayo njingayo ngati mbuzi yokana kupita kumsika.

Munthu wotereyu amafunika malo oti apatuke, aime, limu izizire. M'malo ambiri pa phirili malo amenewo palibe. Phula limathera pomwe pathera njira ya galimoto, kenaka pali mlomo wakuthwa wa msewu wogumuka, ngalande ya konkire, kapena phompho. Kumbuyo kukubwera loli imene nayonso mabuleki ake akununkha. Dalaivala akaimba hutala pamenepo ndiye kuti akulamula, ndipo wa njingayo ayenera kusankha m'kuphethira kwa diso pakati pa loli ndi ngalande. Ambiri amasankha ngalande. Amene amafika kwa ine ndi foloko yothyoka ndi aja amene zawayendera bwino.

Chimene chikufunika pa phirili si chachilendo kwa mainjiniya anu. M'mbali mwa msewu muikemo phula lopingasa mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, losalala mofanana ndi pakati, lolekanitsidwa ndi mzere wooneka bwino. Pamene thanthwe lapanikiza msewu ndipo kukuza n'kovuta, pakhale malo opatukira pafupipafupi, ndi chikwangwani cha m'Chichewa chouza munthu kuti kutsogolo kuli kona lakuthwa, aime kaye mabuleki azizire. Pa malo otsetsereka kwambiri pakhale kanjira ka mchenga kothawirako loli yothawa mabuleki, chifukwa loli yotere imapha dalaivala ndi aliyense amene yamupeza m'mbali. Zitsulo zotchinga m'makona zikagundidwa kapena kubedwa zizibwezeretsedwa mvula isanadutse kawiri.

Mbali yokwera ndiyo ikufunika malo koposa. Wokwera amayenda pang'onopang'ono, ndipo wokankha njinga yolemera amatenga malo a anthu awiri, iye pambali, katundu pambali. Ndikudziwa kuti ambiri okankha pa phirili usiku ndi m'bandakucha ndi a makala, ndipo ndikudziwa kuti lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Sindikuwaikira kumbuyo. Mapiri ametedwa, ndipo madzi amene amatikokolola kumunsi kuno amatsika m'mapiri ometedwa omwewo. Koma chilango cha wa makala chimaperekedwa ndi khoti, osati ndi bampala ya galimoto. Ndiponso m'njira yomweyo mumadutsa wa masau, wa nsomba zouma, wa mphasa, wa nkhuku, ndi mnyamata amene akupita kukafuna ganyu mumzinda chifukwa ya minibasi alibe.

Ukatsika pa Thabwa mavuto amasintha mtundu. Kuyambira pamenepo mpaka ku Nsanje mdani wa msewu ndi madzi. Tinawaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi namondwe Idai, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy. Namondwe Ana atadutsa, M1 anaduka m'malo angapo m'boma la Chikwawa, ndipo makina a magetsi a pa Kapichira anaima, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Funsani amene analipo kuti choyamba kuwoloka pa malo odukawo chinali chiyani. Inali njinga. Anyamata ankainyamula pamutu kudutsa m'madzi, tsidya linalo n'kukwezapo ufa, mankhwala, mayi woyembekezera. Galimoto zonse zinali pamzere kudikira thirakitala. Chimodzimodzi mafuta akasowa pa malo omwetsera, akabaza a njinga yakapalasa ndi amene amatsala akuyendetsa chigwa chino, chifukwa safuna ndalama zakunja kuti anyamuke m'mawa.

Ndiye chodandaulitsa n'chakuti kukonza kukabwera, amakonza pakati. Maenje a njira ya galimoto amatsekedwa, m'mbali mumatsala mchenga ndi timiyala timene madzi anasiya. Kwa galimoto mchenga umenewo si kanthu. Kwa tayala lopyapyala, mchenga wokhuthala ngati chala chimodzi ndi wokwanira kukugwetsa, ndiye wa njinga amauthawa n'kulowa pakati pa msewu, pamene basi ikubwera ndi liwiro lake lonse chifukwa msewu wa kuno ndi wowongoka. Kusesa mchengawu mvula ikatha sikufuna makina. Ndi ntchito ya fosholo ndi tsache, imene makhonsolo akhoza kuika m'ntchito za mthandizi, mudzi uliwonse ndi gawo lake la msewu. Ndipo mu mgwirizano uliwonse wokonza pamene padulidwa muzilembamo kuti ntchito yatha pokhapokha m'mbali namo mwakonzedwa.

Mahampu nawo ndinenepo pang'ono. Timawafuna, chifukwa pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula anthu amakhala piringupiringu. Koma timizere tokwera tija toikidwa motsatizana timathothola masipoko a njinga yolemedwa ndi kuswa mazira a mayi amene akupita nawo kumsika. Siyani kampata kakang'ono m'mbali koti tayala la njinga lidutse, ndipo muike chipilala kuti wa galimoto asathawireko. Mukasiya mpata popanda chipilala, minibasi izidzadutsa momwemo, ndiye mwakulitsa vuto.

Tsopano njira zenizenizo, zimene ndikukhulupirira kuti zikhoza kulembedwa pa mapu ndi kuikidwa zikwangwani popanda kudikira mabiliyoni.

Yaifupi ndi yochoka pa Dyeratu, kudutsa pa boma la Chikwawa, kulowera ku Majete ndi Kapichira. Kuchokera pa boma ndi makilomita ozungulira 20, kukwera pang'onopang'ono motsata Shire. Derali lili ndi mbiri yoti mlendo aimire. Mathithi a Kapichira ndi amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859, ndipo maufumu a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima anachokera kwa Amakololo amene anabwera naye n'kutsalira kuno. Ku Majete, chiyambire mu 2003 pamene bungwe la African Parks linayamba kusamala nkhalangoyi, nyama zinabwerera, mikango yomwe. Ulendo wa njinga uzithera pa geti, m'katimo munthu alowe pa galimoto. Alendo amene amapita kumeneko amatidutsa ali m'galimoto, fumbi lokha n'kutisiyira. Wa pa njinga sangadutse choncho. Ludzu limamuimitsa pa golosale, njala imamuimitsa pa chiwaya, tayala likaphwa amafuna wina ngati ine. Ndalama yake imagwa m'midzi ya m'njira.

M1 yolowera kummwera ndi ya anthu okonda mtunda wautali wopanda chitunda. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Nsanje ndi makilomita ozungulira 180, ndipo ukangotsika phiri zotsalazo ndi zathyathyathya. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umaomba kuchokera kummwera, ndiye wolowera ku Nsanje amalimbana nawo maso ndi maso, wobwerera amangokankhidwa. Pafupi ndi Nchalo pali njira yopatukira ku Lengwe, kwawo kwa nyama zotchedwa nyala. Pafupi ndi Bangula pali Mwabvi, nkhalango ya nyama yaing'ono kuposa zonse m'dziko muno. Chakum'mawa kuli dambo la Elephant Marsh, limene mu 2017 linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Koma msewu umenewu ndi umenenso uli ndi anthu ambiri: ngolo, ng'ombe za ku Ngabu, ana a sukulu, mathirakitala ndi malole m'nyengo yodula nzimbe, alimi opita ndi thonje kumsika. Pa malo a malonda, m'mbali mwa msewu mwasanduka msika, moti wa njinga ngakhale malo atakhalapo amapeza pali tomato.

Njira imene ine ndimaikonda, ndipo ndikuti ikhoza kutchukitsa chigwa chino, ndi yozungulira kudzera tsidya la kum'mawa. Utsika phiri kufika pa Thabwa, osawoloka Shire, n'kukhotera kumanzere motsata tsinde la phiri la Thyolo. Udutsa kwa Makhuwira, pa Nkhate pamene pali minda ya mpunga yothirira, pa Livunzu, pa Masenjere, mpaka kwa Mlolo ku Muona ndi Fatima. Dzanja lamanzere kuli phiri, lamanja kuli dambo. Ukagona kumeneko, m'mawa mwake uyamba kukwera msewu wa Thekerani, kuchoka m'dziko la mapira ndi migwalangwa kulowa m'dziko la nthochi, kenaka m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, n'kukatulukira ku Limbe. Ndi ulendo wa makilomita ozungulira 200, wa masiku awiri kwa munthu wamba. Chitunda cha Thekerani n'chautali, cha makona, ndipo mphepo imasintha uli pa chishalo: kumunsi unanyamuka malaya ali chinyowere, kumtunda ukufuna juzi. Sindikudziwa munthu wokonda njinga amene angakwere pamenepo n'kusafuna kubweranso ndi anzake.

Chotchinga ndi msewu wa tsidya la kum'mawa womwewo. Mitsinje yotsika m'phiri la Thyolo, monga Mwamphanzi, Nkhate, Livunzu ndi Thangadzi, imadula msewuwu chaka ndi chaka, n'kusiya mchenga ndi miyala. Anthu a kumeneko amva malonjezo a phula kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yakhala ikuyenda mwa apo ndi apo. Sindilankhula m'malo mwawo, ali ndi pakamwa pawo ndi aphungu awo. Changa n'chakuti zigawo zimene zatsala muzimange ndi malo a njinga kuyambira pa pepala. Milatho ndiyo yofunikitsa, pakuti msewu ukhoza kukuzidwa mawa, koma mlatho ukamangidwa wopapatiza watero kwa zaka makumi asanu. Kum'mawa kumeneko njinga ndiyo ambulansi yopita ku chipatala cha Trinity ku Muona, ndiyo loli ya mpunga, ndiyo basi ya ana a sekondale.

Pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, madzi anadula njanji ndi msewu mu 1997. Kuchokera nthawi imeneyo mwana wabadwa, wakula, wakwatira, anthu akuwolokabe pa bwato, njinga ataigoneka pa miyendo ya anzawo, n'kulipira ya munthu ndi ya njinga. Malo amenewo atalumikizidwa, matsidya awiri a Shire akhoza kukhala njira imodzi yozungulira dambo lonse. Pafupi ndi pomwepo, pamene Ruo amakumana ndi Shire, ndi pamene anaikidwa m'manda mmishonale Bishopu Charles Mackenzie mu 1862. Ndi angati mwa ana athu amene anafikako?

Ku Nsanje kuli chitunda cha Chididi. Uchoka pa boma, pamene nthaka ili pafupi kulingana ndi nyanja yamchere, n'kukwera kumadzulo m'mapiri a nkhalango ya Matandwe mpaka ku mishoni yakale, kumene kumazizira moti munthu amaiwala kuti ali ku Nsanje. Mbali yaikulu ya msewuwu ndi ya fumbi ndi miyala, ndiye pakali pano ndi ya njinga za matayala akuluakulu ndi miyendo yolimba. Anthu a kumtundako amatsika ndi zokolola zawo kudzagulitsa pa boma, pobwerera n'kumakankha. Ngakhale phula litachedwa, giredala yodutsa mvula ikangotha ndi makalavati osatsekeka zikhoza kusintha moyo wawo.

Palinso mwayi umene ukumangidwa panopa. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene cholinga chake ndi kutenga madzi pa Kapichira kukathirira mahekitala opitirira 43,000, ili ndi msewu woyendamo oisamalira m'mbali mwake. Ngalande simakwera chitunda, ndipo malole a pa M1 safikako. Kambiranani ndi oyendetsa ntchitoyi kuti m'zigawo zimene sizidutsa m'nkhalango za nyama anthu a njinga aziloledwa kuyendamo mwalamulo, ndi zotchinga pamene ana angagwere m'madzi. Mukapanda kukonza zimenezi anthu adzayendamobe, kungoti mwachisawawa.

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga: ndalama palibe, ndipo thumba la misewu limadzadzidwa ndi msonkho wa pa mafuta ndi wa pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke, umene wa njinga sapereka. Koma sopo, shuga ndi feteleza zimene amagula zinabwera pa loli imene inalipira msonkhowo, ndipo mtengo wake unalowa m'katunduyo. Tayala ndi chubu chimene amagula kwa ine chili ndi msonkho wake. Ndiponso njinga siononga msewu. Mainjiniya anu amadziwa kuti ekiselo (chitsulo cholumikiza mawilo a galimoto) ikalemera kawiri, kuwononga kwake kumachuluka pafupifupi ka 16, ndiye loli imodzi yodzaza mopyola muyezo imadya phula kuposa njinga zonse za m'boma la Nsanje. Amadziwanso kuti msewu umayamba kufa kuchokera m'mphepete, madzi akalowa pansi pa phula ndi matayala akamabenthula mlomo wake. Phula la m'mbali limene ndikupemphali limateteza msewu wa galimoto womwewo. Mukalichotsa pa bajeti kuti mupulumutse ndalama lero, mudzalipira pokonza.

Ena adzati ndani angabwere kudzapalasa njinga ku ng'anjo ngati kuno. Zoona, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo munthu wanzeru sapalasa masana pokhapokha umphawi wamukakamiza. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti m'mawa wa kuno ndi wabwino kuposa wa ku Blantyre, kumene chiperoni chimakhala chitaphimba mapiri. Chimene chikusowa ndi mthunzi ndi madzi. Nimu amamera kuno popanda womunyengerera, mbuzi zikangomusiya ali wamng'ono. Mzere wa mitengo kuseri kwa ngalande ya msewu, sukulu iliyonse ndi mpingo uliwonse n'kupatsidwa gawo losamala, ukhoza kusintha ulendo wa pakati pa Nchalo ndi Ngabu m'zaka zisanu. Madzi ndi nkhani ina, pakuti mijigo yambiri ya kuno imatulutsa amchere. Kachikwangwani kosonyeza mjigo wa madzi abwino umene uli pafupi ndi msewu n'kotchipa kuposa chakudya cha pa msonkhano umodzi wa ku hotela.

Ndalankhula za alendo, koma musanditengere kolakwika. Mlendo ndi mame. Mukamanga kanjira kokongola chifukwa cha alendo okha, kadzaoneka pa zithunzi chaka chimodzi, kenaka kadzamera udzu. Yambani ndi amene amapalasa tsiku lililonse: wakabaza wa pa Nchalo, mlangizi wa zaumoyo wopita kusikelo ya kumudzi, mphunzitsi, mtsikana wa Fomu 2 amene sukulu yake ili kutali. Msewu umene mayi angayendemo mwana ali kumbuyo popanda kugunda mtima, wa njinga ya magiya wochokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg adzaumva yekha mbiri yake.

Mpikisano ukhoza kuthandiza kuti anthu atsegule maso. Tsiku la njinga pa dziko lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2018, ndi 3 Juni, ndipo imeneyo ndi nyengo yathu yozizira. Makhonsolo awiriwa, apolisi ndi oyendetsa masewero a njinga akhoza kutseka mbali ya msewu kwa maola ochepa, anthu n'kupikisana kukwera kuchokera pa Thabwa mpaka pamwamba. Ndati kukwera, osati kutsika, chifukwa mpikisano wotsika pa phiri limenelo ndi maliro. Pakhale gulu la njinga za magiya, pakhalenso gulu la njinga za kabaza, kaliyala ndi khushoni yake zili pomwepo, ndi gulu la amayi. Ine ndikukuuzani kuti pali anyamata kuno amene amakwera zitunda ndi wokwera wonenepa kumbuyo, giya imodzi, atangomwa thobwa. Atapatsidwa njinga yopepuka ndi mphunzitsi, ena a iwo akhoza kuvala malaya a dziko lino. Mphotho zisakhale zikho zokongoletsa m'nyumba. Apatseni matayala, matcheni, nyale ndi njinga.

Ifenso a njinga tili ndi zathu zoti tikonze, ndipo sindibisa. Ambiri timayenda usiku popanda nyale kapena chonyezimira, titavala zakuda. Ena amayenda mbali yolakwika, ena atatu mbali ndi mbali akucheza, ena atalawa kachasu. Ena amabwera kwa ine kudzagula belu lokongola pamene mabuleki alibe. Apolisi a pamsewu akamagwira njinga zotere sitingadandaule. Pempho n'lakuti kulanda njinga kusakhale chiyambi. Munthu akalandidwa njinga ndiye kuti banja lagona ndi njala. Pa lodibuloko pakhale tepi yonyezimira yogulitsidwa pa mtengo wake weniweni, munthu amate pomwepo n'kupitiriza ulendo, ndipo magulu a akabaza aphunzitsidwe malamulo a pamsewu m'Chimang'anja ndi m'Chisena. Madalaivala nawo aphunzitsidwe kuti podutsa njinga asiye mpata woti mphepo ya loli isamukoke munthu.

Kwa inu mafumu athu, ndi ulemu wonse, gawo lina ndi lanu. Zikwangwani zimene zimazulidwa n'kusanduka makasu ndi mbaula zimathera m'midzi yanu, ndipo wozula amadziwika. Oyanika mapira ndi chimanga m'mbali mwa msewu, omanga zisakasa zogulitsira pamene payenera kudutsa njinga, osiya ng'ombe pamsewu usiku, onsewo amamva mawu anu kuposa kalata yochokera ku Lilongwe. Boma likaika phula la m'mbali ife n'kulisandutsa bwalo lopunthira, ndiye kuti tadzimana tokha.

Pomaliza pake ndikupempha zinthu zoti zichitike chaka chino. Roads Authority itumize injiniya adzayende pansi kuchokera pamwamba pa phiri kufika pa mlatho wa Kamuzu, pamodzi ndi atsogoleri a akabaza a pa Thabwa ndi pa Dyeratu, alembe malo onse amene njinga ilibe pothawira. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje aike nkhani ya kusesa m'mbali mwa M1 ndi kubzala mitengo pa ndondomeko ya msonkhano wawo wotsatira. Ndipo mapulani a zigawo zotsala za msewu wa tsidya la kum'mawa, makamaka milatho yake, aonetsedwe kwa anthu a kwa Makhuwira ndi kwa Mlolo ntchito isanasainidwe, kuti aone ngati malo a njinga alimo. Yankho lanu mukalipereke pa mawailesi a m'dera lino, chifukwa ambiri amene nkhaniyi ikuwakhudza sadzaiwerenga pa intaneti.

Ine wanu,

Wokonza njinga wa m'mbali mwa M1, Chikwawa.